Wotchi ya agogo a Keyala: lipoti la kafukufuku wa Grana W.W.W.

Wotchiyi inafika pa benchi yanga ku Birmingham itakulungidwa m'sokosi ya mwana, sokosiyo ili m'kachitini kakale ka maswiti. Anabwera nayo ndi mayi wina wa kwathu ku Zomba amene amagwira ntchito ya unamwino ku Leicester. Anandipeza kudzera mwa anthu a kutchalitchi, monga mmene timapezanirana kunja kuno. Pempho lawo linali laling'ono. Mwana wawo wamwamuna anali pafupi kumaliza maphunziro a kuyunivesite, ndiye ankafuna kuti pa tsiku lolandira digiri avale chinthu cha agogo.

"Achimwene, mungoiikira batire ndi lamba watsopano, muipukutenso iwale. Yakhala m'sutikesi zaka zambirimbiri."

Ndinaitembenuza kamodzi, kawiri, n'kuibwezera pa nsalu. Ndinawauza kuti batire mulibe polowa, ndi wotchi yopotokola pamanja, ndipo za kupukutazo ayambe aiwala kaye. Ndinapempha kuti andisiyire milungu itatu. Anandiyang'ana ngati mmene timamuyang'anira makaniko akayamba kunena kuti galimoto igone. Sindinawaimbe mlandu. Koma pansi pa nambala 12 panali mawu akuti GRANA, ndipo pansi pa mawuwo panali kachizindikiro ka mizere itatu kooneka ngati phazi la nkhuku. Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchitoyi, wotchi yotere ndinali nditaigwirapo kamodzi kokha, ya mwini wake amene sanachotse maso pa manja anga.

Mmene inkaonekera tsiku loyamba

Ndisanatsegule chilichonse ndinajambula zithunzi mbali zonse ndi kulemba miyeso. Thupi lake ndi la chitsulo chosachita dzimbiri, mamilimita 35 m'mimba mwake. Timitengo tomangirira lamba n'towotcherera ku nyanga zake, sitichoka ngati ta mawotchi a masiku ano, moti lamba amachita kupisa. Amene analipo anali wachikopa, wosokedwa ndi ulusi wa nsapato mozungulira timitengoto. Ntchito ya munthu wosoka nsapato pamsika, ndipo anaigwira bwino. Galasi linali la pulasitiki, lokandikakandika, long'aluka pafupi ndi 4. Kachitsulo kopotokolera kanali kakang'ono, kachikasu, koonekeratu kuti si kake.

Nkhope inali yakuda koma yayamba kutuwira ku mtundu wa khofi. Manambala anali athunthu kupatula 6, amene malo ake anadyedwa ndi kabwalo ka masekondi. M'mphepete munali mizere ya mphindi yojambulidwa ngati njanji ya sitima. Utoto wowala usiku unali utasanduka wofiirira ngati shuga wopserera. Kumbuyo ndiye kunali nkhani ina: pakati pa chivundikiro panali popalidwa ndi tupa, malo aakulu ngati ndalama ya K10, pamene payenera kukhala zilembo ndi manambala a usilikali.

Mbiri imene banja linabwera nayo inali iyi: agogo awo anali msilikali wa Keyala, anamenya nkhondo ku Burma, ndipo mu 1944 bwana wawo wachizungu anavula wotchiyi pamkono n'kuwapatsa powathokoza. Ndinailemba mawu ndi mawu mmene anainenera, n'kuiika pambali.

Mawotchi a W.W.W.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, boma la Britain linafuna wotchi yamtundu umodzi ya asilikali ake apamtunda. Mafakitale a ku Britain anali otanganidwa ndi zida ndi mamita a m'ndege, choncho oda inapita ku Switzerland, dziko limene silinalowe nawo nkhondoyo. Zofunika zinalembedwa momveka: nkhope yakuda, manambala oonekera patali, mivi yowala mumdima, masekondi pa 6, makina a timiyala 15 osunga nthawi molondola, galasi losasweka msanga, thupi losalowa madzi. Kumbuyo kunkadindidwa W.W.W., kufupikitsa mawu a Chingerezi otanthauza wotchi yapamkono yosalowa madzi, kenako phazi la nkhuku lija, chilembo chimodzi ndi nambala ya usilikali, komanso nambala ya kufakitale.

Makampani 12 ndi amene anapereka: Buren, Cyma, Eterna, Grana, IWC, Jaeger-LeCoultre, Lemania, Longines, Omega, Record, Timor ndi Vertex. Osonkhanitsa mawotchi amawatcha Dirty Dozen. Onse pamodzi anali pafupifupi 150,000. Omega ndi Record anapanga ochuluka, pafupifupi 25,000 kampani iliyonse, n'chifukwa chake sasowa pamsika. Grana ndiye anapanga ochepetsetsa. Owerengera ambiri amaika chiwerengero chake pakati pa 1,000 ndi 5,000, ndipo ochuluka amatsamira kumunsi kwenikweniko. Munthu akhoza kutolera 11 enawo m'zaka zochepa ngati thumba lilipo, koma wa 12 n'kumudikirira mpaka imvi.

Chodabwitsa n'chakuti Grana sinali kampani ya dzina lalikulu. Inali ya abale awiri, Adolf ndi Alfred Kurth, amene anatsegula fakitale yawo mu 1888 m'tauni ya Grenchen. Dzina lakuti Grana linachokera ku dzina la Chilatini la tauniyo. Pambuyo pake anayamba kugwiritsa ntchito dzina lakuti Certina, limene lilipo mpaka lero. Kunena za luso la m'kati, Longines ndi IWC za m'gululi ndimaziika patsogolo. Grana imadula chifukwa chosowa, basi.

Ndipo pamene pali kusowa ndi ndalama, achinyengo sachedwa kufika. Munthu amatenga wotchi wamba ya zaka zomwezo, n'kuidindira nkhope yatsopano, n'kuzokota zilembo kumbuyo. Ena amasonkhanitsa ziwalo zenizeni za mawotchi anayi n'kupanga imodzi. Anzanga kuno amati franken, ine ndimangoti chigamba. Asakunamizeni munthu kuti zimenezi zimagwera osadziwa okha. Mu November 2021 ku Geneva, Omega Speedmaster ya 1957 inagulitsidwa pa okushoni ya Phillips pa mtengo woposa mafranki 3 miliyoni a ku Switzerland, ndipo mu 2023 a Omega eni ake ananena kuti inali yolumikiza ziwalo za mawotchi osiyanasiyana. Choncho ndinayamba ntchitoyi ndikuiganizira wotchi ya mayiwa kuti ndi yabodza, kuti iyo yokha inditsutse.

Nkhope ndi mivi

Chida choyamba sichinali sikuludalaiva ayi, chinali kamakina ka Geiger, kamene kamathetheka kakamva mphamvu ya radium. M'zaka za m'ma 1940 utoto wowala usiku unkasakanizidwa ndi radium. Kuwalako kumafa pakapita zaka, chifukwa radium yomweyo imawononga ufa umene umatulutsa kuwala, koma mphamvu yake siifa: pamatenga zaka 1,600 kuti itsike ndi theka. Wopanga nkhope yabodza lero akhoza kutengera mtundu wa utoto wakale ndi tiyi kapena khofi, koma radium saipeza.

M'chipinda mwanga kamakinako kamangoti the, n'kukhala chete, n'kudzatinso the. Nditakayandikiza pa galasi kanayamba kuthetheka ngati chimanga pa chiwaya. Chimenecho chinali chizindikiro choyamba chabwino. Nditachotsa mivi ndinayesa chilichonse pachokha. Nkhope inathetheka. Muvi wa maola unathetheka. Muvi wa mphindi unangoti zii. Pa galasi lokulitsa zinaonekanso kuti utoto wake ndi woyererako, wopita ku msipu, ndipo nsonga yake siifika pa njanji ya mphindi, imaperewera pang'ono. Muvi umenewu ndi mlendo, unaikidwa pambuyo pake.

Panali chinthu china chofunika kuona. Mawotchiwa anagwira ntchito ya usilikali zaka zambiri nkhondo itatha, ndipo ankakonzedwa ndi amisiri a REME, nthambi ya asilikali a Britain yosamalira zida imene inakhazikitsidwa mu 1942. Amisiriwa analibe nazo ntchito zoti chiwalo ichi n'cha wotchi iti, bola ziyende. Radium itayamba kuopedwa, nkhope zambiri zinachotsedwa n'kuikapo zina zokhala ndi T kapena P m'kabwalo, kusonyeza utoto wina wopanda radium, zina zopanda ngakhale dzina la kampani, zongokhala ndi nambala ya katundu ya NATO. Pa iyi panalibe zonsezo. Ndinayerekeza kalembedwe ka dzina, makulidwe a manambala ndi malo a phazi la nkhuku ndi zithunzi za Grana zisanu ndi imodzi zimene zinadutsa m'maokushoni odziwika. Zinagwirizana. Utoto wa manambala unali ndi timing'alu tating'onoting'ono ngati dothi la m'dambo nthawi ya chilimwe, ndipo pa nkhope pomwe muvi wa maola unaima zaka zambiri panali kamthunzi kopserera, ndendende m'mene muviwo ulili, kuloza pakati pa 7 ndi 8. Radium inawotcha pamenepo pang'onopang'ono wotchi ili m'sutikesi. Chimenecho n'chovuta kuchipeka.

Ndinene pano kwa anzanga a ntchitoyi: nkhope yotere musaipemerere ndi pakamwa. Ine ndimavala magolovesi ndi chotseka pamphuno, n'kuyala pepala lonyowa pa benchi kuti fumbi likagwa likakamire. Atsikana amene ankapaka utotowu ku fakitale ya ku Orange, New Jersey, m'zaka za m'ma 1920 ankasongola burashi ndi milomo, ndipo ambiri anawola nsagwada n'kumwalira ali aang'ono. Kunja kwa galasi ngozi ndi yochepa. Ikalowa m'thupi ndi nkhani ina.

M'kati

Chivundikiro n'chamazinga, chochita kupotokola. Chinali chitagwira, moti ndinachinyika mafuta m'mphepete usiku wonse. Kutacha chinatseguka, ndipo fungo loyamba kutuluka linali la mafuta a makina osokera. Wina anawathira mowolowa manja, ndipo anauma n'kukhala ngati phula. Pansi pa phulalo makina anali athunthu, timiyala 15, chidindo cha KF 320 chili pamalo pake. KF ndi Kurth Frères, ndipo 320 ndiwo makina amene Grana inaika m'mawotchi ake a usilikali. Mitu ya masikuluwu awiri inali yophwanyika ndi sikuludalaiva yosayenera. Dzimbiri linalipo pa kamtengo kopotokolera pokha, chifukwa kachitsulo kachilendo kaja sikankatseka bwino, thukuta linkalowa. Sipuling'i yaikulu inali yotopa. Kamtengo ka gudumu la balansi, kamene kamathyoka msanga wotchi ikagwa, kanali kabwinobwino.

Chimene ndimakonda kwambiri pa wotchi yakale chili kuseri kwa chivundikiro. Okonza akale ankakanda tizilembo pamenepo ndi nsonga ya singano akamaliza ntchito. Apa panali manja atatu osiyana. Awiri anangolemba manambala awoawo a m'kaundula. Wachitatu analemba 8/71. Ndinamuona m'maganizo mwanga munthuyo: kabokosi kagalasi pakhonde la sitolo, galasi lokulitsa lili pa diso, mawotchi akufa ali m'mbale. Ndikuganiza kuti ndi iyeyu anaika muvi wachilendo ndi kachitsulo kachikasu, kuchokera m'mbale momwemo. Sindimunyoza. Anapatsidwa wotchi yoima, anabweza yoyenda, ndi zimene anali nazo.

Ikanakhala Longines, ndikanangolembera ku Saint-Imier, kumene amasunga mabuku a manambala a mawotchi awo kuyambira 1867. Pa Grana umboni umachita kuufukula pa chitsulo chenichenicho.

Kumbuyo kopalidwa

Apa ndi pamene panandidyera masiku. Grana yopanda zilembo kumbuyo ili ngati ng'ombe yopanda chiphaso pa rodibuloko: ikhoza kukhala yako ndithu, koma ulankhula zambiri.

Ndinazimitsa magetsi n'kuika tochi pansi penipeni, kuti kuwala kuzidutsa chogona pamwamba pa chitsulo. Ndinajambula kuchokera mbali zisanu ndi zitatu. Tupa sinadye mofanana. Pakati inalowa kwambiri, koma cha m'mbali inangopsopsona. Kumtunda kunaoneka mapazi a W atatu, nsonga zam'munsi zokha. Cha kumanzere kwa mzere wapakati kunatsala chilembo M pafupifupi chathunthu, ndi manambala awiri otsatira. Mzere wam'munsi unatsala ndi manambala atatu akumapeto.

Chilembocho n'chofunika, chifukwa kampani iliyonse inali ndi chake. Omega inali Y, Record L, Timor K, Vertex A. M anagawana awiri, Grana ndi IWC. Koma chivundikiro cha IWC n'chongokanikiza, chilibe mazinga, pamene ichi n'chamazinga ndipo chimalowa m'thupi lake mosakakamiza mpaka kumapeto. Litsiro la m'mazinga, dzimbiri la thukuta ndi kukandika kwa m'mphepete zinali zopitirira kuchokera pa thupi kufika pa chivundikiro, kusonyeza kuti ziwirizi zakhala limodzi nthawi yaitali.

Mnzanga wina wa m'dera lathu la Jewellery Quarter anandiuza kuti tithirepo asidi. Njirayo ilipodi, apolisi amaigwiritsa ntchito pa mfuti ndi pa injini za galimoto zofufutidwa manambala: chidindo chimapanikiza chitsulo mpaka pansi, ndiye asidi amadya malo opanikizikawo mosiyana ndi ena, manambala n'kuonekera kwakanthawi. Ndinakana. Asidi amasiya chipsera, ndipo wotchiyi si yanga. Zimene tochi inaonetsa zinali zokwanira.

Chimene chinandigwira mtima ndi mizere ya tupayo. Inali yokhakhala, yonse yolowera mbali imodzi, ya tupa yaikulu yonolera nkhwangwa osati ya mmisiri wa mawotchi. Koma nsonga za mizereyo zinali zosalala, zofafanizika ndi khungu. Ndiye kuti munthu anaipala kalekale, kenako n'kuivala zaka zambiri pambuyo pake. Wachinyengo amawonjezera zilembo kuti mtengo ukwere. Uyu anachotsa. Funso linali lakuti ankaopa chiyani.

Burma kapena Malaya

Mbiri ya banja inali ndi vuto limodzi lalikulu. Asilikali a ku Nyasaland analikodi ku Burma. Anali m'gulu la 11th East African Division limene linatsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula ya 1944, m'matope ndi malungo, mpaka kufika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin mu December. Koma mawotchi a W.W.W. anayamba kufika m'manja mwa asilikali mu 1945, nkhondo ya ku Ulaya ikutha. Msilikali wa ku Kabaw akanavala wotchi ya boma, ikanakhala ya mtundu wakale wa A.T.P., yaing'ono, ya nkhope yoyera. Bwana uja sakanavula mu 1944 chinthu chimene chinali chisanatuluke m'fakitale.

Kuuza munthu kuti nkhani ya agogo ake siikugwirizana ndi zaka si chinthu chopepuka. Ndinawaimbira mayi aja n'kufunsa ngati kumudzi kunatsala pepala lililonse, chithunzi kapena mendulo. Anati zonse zili ndi azakhali awo ku Chinamwali. Patapita masiku awiri zithunzi zinafika pa WhatsApp, zojambulidwa pa mkeka. Mamendulo anali anayi. Imodzi inali nyenyezi ya Burma Star, ya nsalu yofiira pakati, umboni woti ku Burma anapitadi, ngakhale nyenyezi zimenezi zinkaperekedwa zopanda dzina. Koma pambali pake panali ina yasiliva, yozungulira, ya nsalu yapepo yokhala ndi mzere wobiriwira pakati, ndi kachitsulo kopingasa kolembedwa MALAYA. Imeneyi ndi General Service Medal, ndipo imakhala ndi dzina m'mphepete. Ndinapempha kuti aijambule cham'mbali. Nambala, udindo, dzina la agogo ndi zilembo K.A.R., zoimira Keyala, zonse zinalipo.

Apa zinthu zinayamba kugwa m'malo. Nkhondo ya m'nkhalango za Malaya inayamba mu 1948 n'kutha mu 1960. Bataliyoni yoyamba ya Keyala, ya ku Nyasaland, inapita kumeneko mu 1952, ndipo yachiwiri inakailowa m'malo mu 1953. M'zaka zimenezo W.W.W. ndiyo inali wotchi ya tsiku ndi tsiku ya asilikali a Britain, yoperekedwa kwa amene ntchito yawo inkafuna nthawi yolondola, monga a mizinga ndi a wayalesi.

Lamlungu madzulo tinalankhula ndi azakhaliwo pa foni, atatu tonse. Ndi mayi wa zaka za m'ma 70, mawu ali gwa. Nditapereka moni ndinafunsa mwaulemu ngati bambo awo anapita kunkhondo kamodzi.

"Kamodzi bwanji, mwanawe? Kawiri. Ku Bama anapita ine ndisanabadwe. Kwinako anapita ndili kamwana, ndisanayambe sukulu. Pobwera ndi pamene anabwera ndi sutikesi yachitsulo ndi wotchiyo."

"Nanga ntchito yawo kumeneko inali yotani, mayi?"

"Ankanyamula wayalesi kumsana. Mpaka kumwalira ankadandaula msana."

Mphwawo wa ku Leicester anadabwa. "Azakhali, nanga si paja timati anawapatsa mzungu ku Burma?"

"Inu ana mumangoti chilichonse Bama. Za mzunguzo ankanena okha akakhuta, ine sindinaliko."

Ndinafunsa za kumbuyo kopalidwa, ndikuyembekeza kuti anena kuti sakudziwa. Anaseka kaye. Anati zimenezo anaona ndi maso awo. Chinali chaka chimene a Kamuzu anamangidwa, asilikali ndi apolisi akulowa m'nyumba za anthu kufufuza. Bambo awo anakhala pakhonde m'mawa, wotchi ili pa bondo, n'kumaipala ndi tupa ya nkhwangwa. Amayi awo ankakalipa kuti akuwononga chinthu chabwino, iwo n'kuyankha kuti chidindo cha boma chikapezeka m'nyumba, munthu umakagona ku Zomba kwa Mfumu. Mawu omalizawa azakhali anawabwereza kawiri, akuseka.

Chakacho ndi 1959. Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza za ngozi m'dziko pa 3 March, ndipo Dr Banda ndi atsogoleri ambiri a Nyasaland African Congress anagwidwa m'bandakucha wa tsiku lomwelo. Mantha a agogowo sanali opanda pake. Phazi la nkhuku lija ndi chizindikiro chimene boma la Britain lakhala likudinda pa katundu wake kwa zaka mazana, pa mfuti, pa mabokosi, ngakhale pa zovala za akaidi, ndipo msilikali aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Lapankhope analisiya chifukwa lili pansi pa galasi, ndipo n'laling'ono moti wapolisi akanafunika kuwagwira dzanja kuti alione.

Mu lipoti ndinasiyanitsa zinthu zitatu. Zimene chitsulo chikutsimikiza: Grana W.W.W. ya 1945. Zimene mendulo ikutsimikiza: mwini wake anatumikira ku Malaya ndi Keyala. Zimene ndi mawu a banja: kubwera nayo kuchokera ku Malaya, kupalidwa mu 1959, ndi mphatso ya bwana. Ziwiri zoyamba za m'gulu lachitatuli ndinalemba kuti zikugwirizana ndi zimene ndinaona pa benchi, ndipo zachokera kwa mboni yoona ndi maso. Za mphatsozo ndinazilemba monga nkhani imene mwini wake ankasimba.

Zimene ndinachita ndi zimene ndinakana

Makina ndinawamasula onse, kuwatsuka, kuchotsa dzimbiri pa kamtengo, kuika sipuling'i yatsopano ndi kuthira mafuta oyenera. Isanakonzedwe inkangoyenda masekondi ochepa ukaigwedeza. Itakonzedwa, balansi inkazungulira madigiri 265 ili chogona, ndipo pa masiku asanu inkatsogola masekondi 9 pa tsiku. Kwa wotchi ya zaka 80 sindipemphanso zina. Galasi ndinasintha, chifukwa mng'alu pa nkhope ya radium si wosekerera. Kachitsulo kachikasu ndinachotsa n'kuika kachitsulo koyera ka kukula koyenera, kuti thukuta lisalowenso. Zonse zochotsedwa, ndi lamba wa wosoka nsapato yemwe, zili m'kathumba kolembedwa.

Nkhope sindinaikhudze, kupatula kuchotsa fumbi ndi kaburashi kofewa. Thupi sindinalipukute, ndinangolitsuka. Makina opukutira amadya ngodya za nyanga, ndipo chitsulo chikapita sichibwerera. Wogula wodziwa amayang'ana ngodyazo asanayang'ane china chilichonse. Muvi wa mphindi ndinausiya womwewo. Weniweni wa Grana ukadzapezeka adzaika, koma kuika wina wongofanana n'kuupaka utoto wa khofi ndiye chigamba chomwe chija.

Panabwera maganizo ena, ochokera kwa wogulitsa mawotchi amene anamva mphekesera: tipeze wozokota abwezeretse zilembo kumbuyo, popeza manambala ena tikuwaona. Ndinamuuza kuti manambala otsalawo tikhala tikupeka, ndipo tikatero wotchi yeniyeni isanduka yabodza ndi manja athu omwe. Anati ndikuwatayitsa mayiwa ndalama. Mwina. Koma anthu amene amagula Grana ndi ochepa, amadziwana, ndipo amasunga zithunzi za iliyonse imene yadutsa pamsika.

Mtengo

Grana yathunthu imagulidwa mowirikiza kangapo Record kapena Timor, nthawi zina kakhumi ndi kuposa. Iyi ili ndi zilema zitatu: kumbuyo kopalidwa, muvi wachilendo ndi kopotokolera kosakhala kake. Chachikulu ndi choyambacho. Ndinaiyerekeza pa theka la mtengo wa yopanda chilema ikagulitsidwa yokha. Ikapita pamodzi ndi mamendulo, chithunzi cha mwini wake ndi umboni wolembedwa wa azakhali, ndinaikweza, chifukwa pamenepo kupalidwako kuli ndi chaka, malo ndi chifukwa, ndipo ogula zinthu za usilikali amalipira zimenezo. Ndinalangiza kuti mawu a azakhali ajambulidwe pa foni ndi kulembedwa tsopano lino, asainire okha. Ndinawakumbutsanso kuti a okushoni amadula gawo lawo kwa wogulitsa, ndiye nambala ya pa nyundo si imene imafika m'thumba.

Nditawaonetsa nambala pa pepala, mayi aja anakhala chete, kenako anayang'ana pawindo pamene anaimika galimoto yawo.

"Achimwene, ndiye kuti kachinthu aka kakuposa galimoto yangayo?"

"Kakuposa, achemwali."

"Ndiye si yanganso ndekha imeneyi. Ndiyambe ndaimbira amalume."

Pa mzere wa mwini katundu mu lipoti ndinalemba kuti banja la malemu, osati dzina lawo, ndipo anavomera. Ndinawauza za kasungidwe: isagone m'chipinda chogona, isatsekeredwe m'chitini, chifukwa radium imatulutsa mpweya wa radon umene umaunjikana pamalo otsekeka, ikhale pamalo opita mphepo, kutali ndi ana. Kuvala tsiku limodzi kulibe vuto, koma osagona nayo, osasamba nayo ngakhale dzina lake likuti yosalowa madzi, ndipo wina aliyense asaitsegule. Kupotokola ndi m'mawa, pang'onopang'ono, mpaka chala chimve kulimba, osapitirira pamenepo.

Ndinapisa lamba wansalu wotuwa pa timitengo towotcherera tija n'kuwapatsa. Mnyamatayo anaivala pa tsiku la digiri, ndipo Lolemba lotsatira amayi ake anaibweretsanso kuti ikhale m'sefa yanga mpaka akumudzi agwirizane. Amalume akuti igulitsidwe akonzere manda ndi denga la nyumba ya ku Chinamwali. Azakhali akuti mamendulo sachoka m'nyumba mwawo iwo ali moyo. Msonkhano wa banja auika pa Khirisimasi.